Masitepe a Mbawa ya Kumanda

Thabwa loyamba linasowa usiku wa chiperoni, m'nyengo imene anthu a pa esiteti amadulira tiyi. Lestina anatuluka m'mawa ndi tsache, n'kupeza masitepe amene ankakhoma kunja kwa nyumba yake ali ndi gweru ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Thabwa limene analowetsa dzulo lake panalibe. Silinathyoke, silinazulidwe mwankhanza ayi. Zikhomo zake zamtengo zinali zitaikidwa pansi bwinobwino, moyandikana, monga amaikira mmisiri akamapita kukapuma.

Nyumbayo inali yachilendo m'dera lonselo. Mwamuna wake, malemu Fabiano, anali wocheka matabwa pa kampani, ndipo atabwerako kunkhondo kumene anakaona nyumba zosanjikizana, analumbira kuti naye adzagona m'mwamba asanafe. Anaumba zidina, anamanga chipinda chapamwamba cha zenera limodzi loyang'ana kum'mawa, koma chifuwa chinamutenga chaka chotsatira njala yaikulu ija, masitepe asanawayambe. Anasiya makwerero ansungwi amene Lestina, ndi mwendo wake wotsimphina, sanathe kukwerapo n'kamodzi komwe. Anasiyanso sowo, tchizulo, puleni, nyundo yamtengo, ndi mulu wa matabwa a mbawa pansi pa kama.

Zenera lija linali ndi chifukwa chake. Kum'mawako, kumene tsopano kunali mizere ya tiyi, kale kunali msitu wa manda a kwawo kwa Lestina. Amayi ake anagona kumeneko, ndi mwana wake mmodzi yekhayo amene Mulungu anamupatsa. Kampani itafuna malo inalamula kuti msituwo ugwe, ndipo amene anapatsidwa sowo anali Fabiano yemweyo. Anacheka misozi ili m'maso. Koma matabwa a mbawa imene inaima kumutu kwa manda a mwana wake sanawapereke. Ankawazembetsa limodzilimodzi mpaka onse anathera pansi pa kama. Pamandapo tiyi anakana kumera, panatsala dazi limene munthu akanaliona kuchokera kunyumba pokhapokha ali m'mwamba.

Tsono Fabiano atamwalira, mwambo ndi mzungu zinagwirizana kwa nthawi yoyamba. Mwambo unkati nyumba ya womwalira igwetsedwe. Lamulo la thangata linkati nyumba yopanda mwamuna wogwirira ntchito kampani isaime panthaka ya kampani. Wobweretsa mawu onsewa anali kapitawo Winston, amene kale ankacheka limodzi ndi Fabiano, iye ali m'dzenje utuchi ukumugwera m'maso, mnzake ali pamwamba pa chipika. Tsopano anali ndi jekete la kaki ndi wenzulo, ndipo ankayenda ngati phiri la Thyolo analiumba ndi iye. Aliyense ankadziwa kuti nyumbayo ikagwa, zitseko ndi matabwa zidzathera kwa iyeyo.

M'mawa umenewo anafika Lestina adakali chiimire ndi tsache lake.

"Alamu, mwadzuka? Iii, kodi pachitika chiyani apa?"

"Mbava, a kapitawo."

"Mbava?" Winston anatsitsa mawu, n'kucheukira kum'mawa. "Mbava ikanatenga sowo. Mitengo iyi ili ndi eni ake, alamu. Ine ndikanakhala inu, ndikanamanga katundu n'kupita kwa abale ku Nsabwe. Bwana akuti mwezi ukatha nyumbayi igwe."

"Bwana wanuyo mukamuuze kuti mchombo wanga unagwera pano iye asanaone nyanja," anatero Lestina, n'kuyamba kusesa fumbi likulowera kumapazi a kapitawo.

Anali asanagwirepo tchizulo moyo wake wonse, koma anali atakhala zaka zambiri akumugwirira mwamuna wake nyali. Mitanda iwiri ya bulugama anali ataitsamiritsa kale kukhoma, kuchokera pansi kufika pakhomo lapamwamba. M'mitandamo ankasema timipata, poyezera kamtengo kamene Fabiano anasiya atakadula kale muyeso wake. Thabwa likalowa m'mipatamo, ankaboola ndi chitsulo chamoto n'kukhomerapo chikhomo. Misomali Fabiano ankainyoza, ankati chinyezi cha Thyolo chimaidya ngati chiswe. Matabwa oyamba Lestina anawacheka mokhota, m'manja munatuluka matuza n'kuphulika, amayi opita kumadzi ankaseka m'nsalu. Iye ankangoti aseke, mano ndi awo.

Tsiku limenelo anacheka thabwa lina n'kutseka gweru lija.

Usiku chiperoni chinatsika mpaka pakhonde. Kunali mdima woti ukatambasula dzanja sulionanso, ndipo madontho ochokera kudenga ankagwa limodzilimodzi padothi. Lestina anagona m'chipinda chapansi, maso ali gwa. Sitima ya ku Luchenza inalira kutali, kenaka kunati zii. Ndipo mkati mwa bata limenelo anamva kugogoda, osati kwa mlendo pachitseko, koma kofatsa, kobisa, ngati nyundo yokulungidwa m'nsanza. Go. Kenaka chete wautali. Go. Panamveka mtengo ukukhuzana ndi mtengo unzake pang'onopang'ono. Tsitsi linamuima. Anachita mantha ndithu, tisanamizane. Anafunda bulangete kumutu n'kuyamba kutchula dzina la mwana wake.

Kutacha, matabwa ena anali atapita, ndipo zikhomo zinali pamzere ngati poyamba.

Dzuwa lisanakwere mbiri inali itafika. Odulira tiyi anawapeza matabwa aja onse, ngakhale loyamba lija, atagonekedwa padazi la kumanda, moyandikana, atanyowa ndi mame. Anthu anataya zikwanje n'kuthawa. Ena ankati anaona chinthu chachitali chikuyenda mu tiyi chopanda mutu. Ena ankati amayi ake a Lestina akufuna mthunzi wawo ubwerere. Mlonda wa kufakitale analumbira kuti anamva mwana akulira m'nkhungu, ngakhale kuti mlonda ameneyo aliyense ankadziwa kuti amagona usiku wonse.

Lestina anapinda nkhata, anatsimphina kudutsa pakati pa anthu onse aja, anasenza matabwa ake n'kubwerera nawo kunyumba. Madzulo anali atawakhomanso.

Zinapitirira chomwecho. Iye akakhoma masana, usiku amachotsa. Iye akakatenga m'mawa, mawa lake amawapezanso kumanda. Amayi anzake anasiya kudzera njira ya pakhomo pake. Kuchigayo ankamusiyira malo aakulu. Koma masitepe ankakwerabe, chifukwa tsiku lililonse ankabwezera osowawo n'kuwonjezerapo latsopano.

Tsiku lina kukuda kunabwera atsibweni ake a Lestina, a Yesaya, mkulu wa mpingo amene mawondo anali atayamba kuwavuta. Anakana kukhala pakhonde pafupi ndi masitepe. Analowa m'nyumba n'kuyankhula monong'ona ngati pali wodwala.

"Mwana wanga, mtengo wa kumanda sulowa pakhomo. Ngakhale nkhuni sititola kumeneko. Ukulimbana ndi ndani?"

"Atsibweni, pamene mzungu ankaugwetsa msitu wonse, mizimuyo inali kuti? Inapita ku Joni?"

"Iwe, tsitsa mawu!"

"Mbawa imeneyi inadya mwana wanga. Mukufuna ikakhale tebulo la bwana, azidyerapo nyama? Ikhala pano, ndipo ine ndidzakwerapo ndikaone pamene anagona." Kenaka naye ananong'ona. "Ndikufunseni. Ndi mzimu wanji umene umasamala zikhomo kuti zisathyoke? Nanga galu wanga uja, amene amauwa ngakhale mthunzi wake, bwanji usiku amangogwedeza mchira? Ndimaumva ukumenya chitseko."

A Yesaya anacheukira kuchitseko.

"Amene amadziwa kuti zikhomo za Fabiano zimatulukira kunsi ndi anthu awiri," anatero Lestina. "Mmodzi tinamuika."

Mawa lake sanagwire tchizulo. Anatenga chikho chovundikira ndi nsungwi yong'alula n'kutsikira kukhwawa kumene chitedze chinali chitauma pamitengo. Anaima kumene mphepo inkachokera, n'kumathyola zitedzezo ndi nsungwi ija osakhudza. Dzuwa litalowa anapaka mafuta a nsatsi pamatabwa apansi, kuti ubweya wa chitedze ukamatirire, n'kuwaza bwinobwino pamwamba ndi kunsi komwe. Galu anamumangirira kuseri.

Usiku umenewo nkhungu inali yokhuthala kuposa masiku onse. Kugogoda kunabwera monga mwa masiku onse, kofatsa, kodzidalira. Go. Go. Mtengo unakhuzana ndi mtengo, mapazi anachoka mwakachetechete. Lestina anakhala tsonga mumdima, manja ali pamawondo, akumvetsera madontho akudenga.

Kenaka kum'mawa kunamveka mfuu.

Unali mfuu woti ngakhale iye amene ankauyembekeza unamuziziritsa msana. Unkakwera, unkatsika, unkasanduka kubuula. M'nyumba za antchito ana anayamba kulira, zitseko zinatsekulidwa pang'onopang'ono. Anthu ankanong'onezana kuti akufa adzuka. Lestina anayatsa koloboyi, anatuluka, nayenda nyumba ndi nyumba akumenya zitseko.

"Tulukani! Mwakhala mukuukamba mzimuwu masana, tiyeni mukauone!"

Manyazi ndi amene anawatulutsa, chifukwa amuna sakanabisala mkazi wotsimphina ali patsogolo. Anayatsa miuni n'kumutsatira mu tiyi, aliyense akufuna kukhala pakati. Atafika padazi paja anapeza munthu akugubuduka padothi la manda, jekete la kaki lili uko, malaya ali uko, akudzikanda pakhosi ndi pamsana mpaka magazi, akuitana amayi ake m'Chilomwe. Pambali pake panali matabwa a mbawa. Wenzulo inali idakali m'khosi.

"A kapitawo!" wina anatero.

Winston anakweza maso ofiira. "Alamu, ndithandizeni, ndikupsa!"

"Mukupsa ndi chiyani?" Lestina anafunsa, koloboyi ili m'mwamba. "Si inu munati mitengo iyi ili ndi eni ake?"

Za chitedze sananenepo kanthu, usiku umenewo kapena tsiku lina lililonse. A Yesaya okha ndi amene anamuyang'ana m'mbali, naonso n'kusunga pakamwa pawo. Anthu anaona ndi maso awo kuti wakuba matabwa anali munthu, koma anaonanso chimene chinamugwera munthuyo pamwamba pa manda, ndipo anabwerera kwawo ali ndi mantha oposa amene anabwera nawo. Choipa chitsata mwini, ankatero m'njira, koma ankanena akucheuka.

Matabwa aja Lestina anawakoka ndi chingwe, anawawaula pamoto wa udzu, n'kuwabwezera m'malo mwake. Masiku otsatirawo anakhoma popanda womusokoneza. Thabwa lomaliza lapamwamba ndilo linamuvuta. Bowo lake anaboola mopendekeka, chikhomo chinalowa theka n'kukana. Anamenya mpaka mkono unatopa, koma thabwalo linkagwederabe likapondedwa. Analisiya chomwecho.

Anakwera mpaka m'chipinda chapamwamba kwa nthawi yoyamba madzulo amenewo, dzanja lili kukhoma, mwendo wodwala ukutsalira. M'chipindamo munali fumbi ndi fungo la fodya wa Fabiano. Anatsegula zenera, ndipo pakati pa tiyi wobiriwira mpaka kumapiri anaona dazi lija, laling'ono, lofiira. Analira mpaka kunada.

Mwezi utatha kampani inatumiza anthu ndi zingwe, makasu ndi zitsulo zogumulira. Anawatsogolera Winston, khosi lili ndi zipsera, jekete lili latsopano. Anapeza Lestina atakhala pamwamba pa masitepe, miyendo atatambasula, akusenda chinangwa.

"Yambani ndi masitepewo," Winston analamula.

Palibe anasuntha.

Winston anaimba wenzulo. Anthu anayang'ana pansi, ena anayang'ana khosi lake.

"Yambani inuyo, a kapitawo," anatero wina kumbuyo. "Inu mumadziwa kuchotsa kwake."

"Kwerani, alamu," Lestina anaitana kuchokera m'mwamba. "Kapena mukufuna ndikubwerekeni nyundo?"

Winston ankaganiza ndithu kuti chinamuwotcha chinali chitedze, koma kunena zimenezo kunali kuvomera pamaso pa anthu kuti mkazi wamasiye anamutchera ngati mbewa. Ndiponso pansi pa mtima sanali wotsimikiza. Anatembenuka. Anthu anasenza zingwe zawo n'kumutsatira, ndipo atatumidwanso sabata yotsatira onse anadwala m'mimba tsiku limodzi.

Usiku wa tsiku limene anabwerera ndi zingwe lija, Lestina anayala mphasa yake m'chipinda chapamwamba. Chiperoni chinabweranso. Sitima inalira, kunati zii. Atatsala pang'ono kugona anamva thabwa lapansi likulira.

Anatsegula maso. Wina ankakwera. Sanali kukwera ngati wakuba ayi. Ankaponda thabwa, n'kuima, n'kulidinikiza kumanja ndi kumanzere, kenaka n'kupita pa linzake. Galu pansi sanauwe. Ankalira pang'onopang'ono, kulira kwa galu amene waona mwini wake. Mapaziwo anakwera mpaka anafika pathabwa lomaliza, kuseri kwa chitseko, pafupi kwambiri moti Lestina anamva thabwalo likugwedera. Panakhala chete. Kenaka panamveka kutsokomola kouma kumene iye anakudziwa zaka zambiri, ndi nyundo yamtengo, kamodzi kokha, mwamphamvu.

Lestina sanafunde bulangete kumutu. Nyundo ya Fabiano inali pomwepo pambali pa mphasa, dzanja lake lili pamwamba pake.

"Mwachedwa, bambo," anatero mumdimamo. "Ndamaliza ndekha."

Kutacha anatsegula chitseko n'kuponda pathabwa lomaliza lija. Silinagwedere. Anagwada n'kupapasa kunsi kwake: chikhomo chinali chitalowa chonse.