Dzina la pa Kampango

Anastazia anakwatiwa tsiku lomwelo limene anaonana koyamba ndi Kingstone, ndipo wodalitsa ukwatiwo anali mnyamata wa yufi wa malaya ofiira, pa siteji ya basi ku Limbe. Musaseke, ndi mmene zinayambira.

Chinali chaka cha 1980. Masiku amenewo munthu sunkakwera basi kapena kulowa mumsika wopanda khadi ya chipani. Anastazia anali ataweruka kusitolo ya nsalu ya mmwenye kumene ankagulitsa. Atafika pakhomo la basi anapisa m'kachikwama, khadi mulibe. Inali itatsalira m'thumba la diresi lina. Wa yufi uja anamukankhira pambali, pomwe panali pataima kale amayi ena ogwidwa, dzuwa likuwaswa.

Apo mpamene panatulukira mwamuna wamtali, wovala ovolosi yothimbirira ndi girisi.

"Achimwene, awa ndi akazi anga," anatero nkhope ili gwa. "Khadi yawo anaichapira limodzi ndi zovala. Lembani ina, ndigula."

Wa yufi anafunsa dzina la mayiyo. Mwamuna uja kukamwa kunangoti yasa. Akanalidziwira kuti? Anastazia anadzitchulira yekha, ndipo mwamunayo anamalizitsa mothamanga kuti, "Dinyero. Anastazia Dinyero."

M'basimo anakhala mpando umodzi, aliyense akulimbana ndi phwete. Mwamunayo anati ndi Kingstone Dinyero wa ku Nsanje, ndipo amakonza makina pa fakitale ina ku Makata. Anastazia atamuthokoza n'kunena kuti ukwati wathera pomwepo, iye anapukusa mutu.

"Chipani chalemba kale, mayi. Ine ndine ndani kuti nditsutse?"

Mtsikana akaseka mpaka kupukuta misozi pa tsiku loyamba, dziwani kuti nkhani yatha.

Kuchokera apo Kingstone anasanduka kasitomala wa nsalu amene sankagula nsalu. Loweruka lililonse ankafika m'sitolo muja, n'kugwiragwira mitundu yonse, n'kudandaula za mitengo mpaka mmwenye kumuyang'ana cham'mbali. Akachoka, Anastazia ankapeza kapepala m'mapindo a nsalu.

"Duwa langa la ku Limbe, makina onse a ku Makata amandimvera, koma mtima wangawu wandikanika. Ukungogunda dzina lako."

Tsiku lina analemba kuti, "Wapamtima, ngakhale Shire atauma, ine sindidzakusiya."

Anastazia ankawerenga timapepalati mpaka tinkang'ambika m'mapindo. Lamlungu akatuluka m'tchalitchi ankakhala awiriwo m'mbali mwa damu la Chimwankhunda, botolo la Fanta limodzi, nkhani zosatha. Anasankhiratu mayina a ana, anakangana za mtundu wa makatani a nyumba imene analibe. Anastazia anamusokera kampango koyera kopukutira thukuta, ndipo pakona anasokapo dzina loti Kingstone ndi ulusi wofiira. Mwamunayo anakalandira ndi manja awiri, anakayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Anastazia anati ndi chimwemwe chamutseka pakamwa.

Chilema chake chinali chimodzi. Ukamuitana atafulatira, Kingstone sankatembenuka msanga. Unkachita kubwereza kawiri katatu. Anastazia ankamunyoza kuti makina amugonthetsa, apo ayi ndi matama a anthu ovala ovolosi. Iye ankangoseka n'kunena kuti, "Uzindiitana kuti wanga, ndizimva msanga."

Koma chikondi cha m'mbali mwa damu sichikhala ukwati mpaka akuluakulu atadziwana. Anastazia ankakhala ndi amalume ake a Aleck ku Chimwankhunda komweko, munthu wosakonda zachibwana. Atamuona Kingstone anati mnyamatayo ndi waulemu ndithu, koma mwamuna si bowa woti amangomera pachulu. Abwere ndi amalume ake kuchokera kwawo, chinkhoswe chichitike, anthu adziwe kokadandaula zikadzavuta.

Apa ndiye Kingstone anayamba kuterera ngati mlamba. Mwezi uno akuti kuntchito akana tchuthi. Mwezi winawo akuti njanji yakokoloka ndi mvula. Kenako akuti azakhali amene anamulera ku Nsanje anamwalira, ndipo amalume ake amakhala kutali, malo ovuta kufikako. A Aleck anatopa. Anauza Anastazia kuti mwezi ukatha opanda ankhoswe, amubweza kumudzi ku Chikwawa asanawachititse manyazi.

Lamlungu limenelo Fanta sanamwedwe.

"Mundiuze zoona," anatero Anastazia, misozi ili chuchuchu. "Muli ndi mkazi kwanuko?"

Kingstone analumbira pali Mulungu kuti sanakwatirepo.

"Ndiye mukuopa chiyani? Ngati mumandikondadi, pitani mukawatenge amalume anuwo."

Kingstone anayang'ana madzi. Kenako anamugwira dzanja.

"Ndipita, duwa langa. Ndibwera nawo ngakhale kuchita kuwabereka kumsana. Koma undilonjeze chinthu chimodzi. Chilichonse chimene ungamve kapena kuona, udzayambe wafunsa ine usanayankhule."

Anastazia analonjeza mosavuta, monga mmene munthu wosangalala amalonjezera. Anamuperekeza kusiteshoni ya Limbe, ndipo sitima ya kumunsi itanyamuka anaona kampango koyera kaja kakukupizidwa pawindo mpaka pa khona.

Sabata inatha, inanso inatha. Anastazia anayamba kupimira anthu nsalu mopitirira, mmwenye n'kumakalipa. A Aleck sankanena kanthu, koma kutsokomola kwawo kunkanena zonse. Kodi anali atathawa? Kodi malonjezo onse aja anali mphepo chabe?

Uthenga unabwera ndi Zione, mayi woyandikana nawo nyumba amene ankapikula nsomba zouma ku Nsanje. Anati wamuona ndi maso ake akutsika sitima ku Limbe pakati pa akuluakulu awiri a yunifolomu, ndipo wamva kuti amutengera ku ofesi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, m'tauni mwa Blantyre.

Anastazia sanafunse zambiri. Kwa iye nkhani inali yapafupi: boma lalakwitsa munthu. Chofunika n'chakuti wina womudziwa apite akanene kuti uyu ndi wathu. M'mawa mwake anavala diresi lake la kutchalitchi, anagula buledi, n'kukwera basi ya m'tauni mtima uli m'malere kuti akukapulumutsa mwamuna wake.

Kalaliki wa pakhomo anayang'ana m'buku n'kunena kuti Kingstone Dinyero kulibe. Anastazia anaumirira. Ali mkati mokangana, chitseko cha chipinda china chinatseguka, ndipo anamuona. Anali pa benchi, ndevu zitamera, malaya ali bii. Pambali pake panali nkhalamba ya jekete lakale, itakumbatira dengu pamiyendo.

Sanadikire kuitanidwa. Analowa.

"A Kingstone! Akuchitani chiyani?"

Kingstone sanatembenuke. Maso ake anali pansi, ndipo chala chake chinkagwedera pabondo ngati chikukana kanthu. Anastazia anati ndi manyazi, kapena ugonthi wake uja.

Kuseri kwa tebulo kunali bwana waimvi, cholembera chili m'manja. Anakweza maso pang'onopang'ono n'kufunsa mofatsa ngati mayiyo akumudziwa munthuyo.

Kumudziwa? Anastazia anakhuthula zonse. Anati ameneyo ndi Kingstone Dinyero wa ku Nsanje, Mmalawi weniweni, wophunzira sukulu yake, wokonza makina ku Makata, ndipo akafuna akafunse mabwana ake. Anati ndi bwenzi lake, chinkhoswe chili pafupi. Ankayankhula monyadira, mawu akutuluka okha, lonjezo la kudamu lija ataliiwaliratu.

Bwanayo anatsegula kabati ya tebulo n'kutulutsa kampango koyera.

"Akuti aka anatola m'sitima."

"Kutola? Ndinasoka ndine, bwana, ndi manja angawa!"

Ndipo kuti asakayike, anapisa m'kachikwama n'kuika patebulo khadi ija ya ku Limbe, yolembedwa Anastazia Dinyero.

Bwanayo anaika cholembera pansi. Nkhalamba ija inagwira kumutu.

"Mayi," anatero bwanayo, "munthu uyu wandiuza kuti ndi January Zuze wa ku Mozambiki, ndipo chiphaso chake chokhalira m'dziko muno chikutero. Chinatha ntchito kalekale. Wati amangolima kwa abale ku Nsanje, za mapepala sazidziwa. Ndinamumvera chisoni. Ndimalemba kuti alipire chindapusa timukonzere china, lero lomwe azipita."

Anang'amba pepala limene ankalembalo. Anati chiphaso chotha ntchito ndi mlandu wa ulesi, umakambidwa. Koma mlendo kukhala ndi kugwira ntchito pa dzina la nzika, umenewo sungathere patebulo lake.

Buledi uja anagwa pansi, ndipo palibe anamutola.

Bwanayo sanali woipa mtima. Anawalola kuyankhulana pang'ono pakhonde, wapolisi ataima chapatali. Mpamene mwamunayo anafotokoza, mawu ali pansipansi. Anabadwira kutsidya, cha ku Mutarara. Bambo ake ankagwira ntchito ya njanji ndipo anabwera naye kuno ali mwana, pa chiphaso chimenecho. Bambowo atamwalira anamutenga ndi azakhali ake a ku Nsanje, amene mwana wawo Kingstone anali atangomwalira kumene ndi chikuku. Dzina la malemuyo linali likadali m'kaundula wa sukulu, mpando uli wopanda munthu. Azakhali anamuveka yunifolomu ya malemuyo n'kumuuza kuti aphunzitsi akaitana Kingstone, aziyankha. Satifiketi inatuluka m'dzina limenelo, ntchito nayonso. Koma amalume ake enieni anali kutsidya, ndipo kuti awoloke malire kukawatenga anafukula chiphaso chakale chija n'kukhalanso January. Popita, a pamalire sanachiyang'anitsitse. Pobwera anachiyang'anitsitsa.

Akuluakulu sananame kuti mapanga awiri avumbwitsa.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinayesa kangapo, duwa langa. Koma unkalitchula bwino dzinalo, mpaka ine ndemwe ndinayamba kulikhulupirira."

"Ndakuperekani ndi pakamwa panga."

"Ayi. Wanena zimene ndinakuuza. Wabodza ndine."

Anastazia ankafuna kumukwiyira, ndipo anali ndi chifukwa. Mwamuna ameneyu anamunamiza kuyambira pa siteji ya basi. Koma amukwiyire bwanji munthu amene analowa m'moto akuuona, chifukwa choti iye anati ngati mumandikonda pitani? Mkwiyo ndi chisoni zinasakanikirana, analira ngati pamaliro.

Chigamulo sichinachedwe. Anamusunga masabata angapo, kenako analamula kuti abwezedwe kwawo ndipo asadzapondenso m'dziko muno. Anastazia anagwada pamaso pa a Aleck kuti amulole amutsatire. Iwo anakana kwamtuwagalu. Anati kutsidyako kwayambanso kumveka mfuti, ndipo sangapereke mwana wa mlongo wawo kwa munthu amene ngakhale dzina lake anachita kubwereka kumanda. Komabe tsiku la ulendo anamupatsa ya basi osafunsa kumene akupita.

Pa siteshoni ya Limbe panali piringupiringu wa masiku onse, amayi a mitolo, ogulitsa nthochi, ana olira. Nkhalamba ya jekete ija, imene mapepala ake anali abwinobwino koma inakana kubwerera yokha, inamupeza Anastazia m'chigulumo. Inamuikira dengu lija m'manja. Munali mpunga wa kudambo ndi chitenje chatsopano chopindidwa bwino.

"Tinadza kudzakupempha, mwananga," inatero m'Chinyanja chake chosakaniza ndi Chisena. "Ine ndine malume wake. Wandiona. Ukawauze kwanu kuti mwanayu sanamere pachulu."

Anastazia anagwada n'kulandira dengulo ndi manja awiri.

Kenako anaona bwenzi lake lija akukwezedwa m'bogi lakumapeto, wapolisi ali pambuyo. Anamukhazika pafupi ndi windo, koma atafulatira. Sitima inaliza, mabogi anagundana, mawilo anayamba kuyenda. Anastazia anathamanga m'mbali mwake dengu lili m'manja.

"A Kingstone! A Kingstone!"

Sanatembenuke.

Nsanja yokwererapo sitima inali kutha. Mpweya unali kumuthera. Ndipo dzina lija limene anali asanalitchulepo chibadwire, dzina lachilendo pa lilime lake, linatuluka lokha, motsika, moti iye mwini sanakhulupirire kuti lingamveke m'phokoso lonselo.

"January."

Anatembenuka nthawi yomweyo.

Anayang'anana mpaka sitima inakhota. Anastazia anatsala ataima kumapeto kwa nsanja, dengu la chinkhoswe lili m'manja, m'kachikwama muli khadi yomutcha mkazi wa mwana amene anamwalira ndi chikuku kalekale. Mwamuna wake sanali wogontha ayi. Miyezi yonseyi ankangodikira kuti wina amuitane.