Mnyamata wa Mapiko a Phula

Wailesi atalowa mu wodi ya ana masana a Lachiwiri, anapeza mlongo wake atatembenukira kukhoma. Masiku onse mwanayo ankangomuona akutulukira pakhomo n'kuyamba kukuwa kuti, "Achemwali abwera!" mpaka anesi kumuopseza ndi chala. Tsiku limeneli kunali zii. Buku limene ankawerenga awiriwo linali pansi, pafupi ndi tayala la bedi.

Dzina loti Wailesi anamupatsa ndi anzake a fomu 2, chifukwa pakamwa pake sipankazima. Mlongo wakeyo, wa zaka zisanu ndi zitatu, kunyumba ankamutchula kuti Chiwala, poti chibadwire sanaphunzire kuyenda ngati anthu, ankangodumpha. Koma tsopano unali mlungu wachitatu Chiwala ali chigonere. Msomali unamubaya kuphazi akusewera mpira. Bala linatseka pamwamba koma mkati likudyabe, mpaka matenda anakafika pafupa.

Mayi awo ankasoka zovala pa fakitale ina, ndipo ankaweruka dzuwa litapendeka. Choncho Wailesi ndiye ankakhala ndi wodwalayo akangotuluka kusukulu. Nkhani za m'mutu mwake zitamuthera, anakabwereka buku kulaibulale ya pasukulu. Linali la nthano za Agiriki akale, zolembedwera ana, lokhala ndi zithunzi za ngalawa, zimphona za diso limodzi ndi anthu ovala nsalu zoyera.

Chiwala analikonda bukulo koopsa. Vuto linali loti nthano zambiri zinkatha moipa. Munali ina ya woyimba amene anatsikira kudziko la akufa kukatenga mkazi wake. Anamulola kumutenga, koma anamuletsa kucheuka mpaka atafika kumtunda. Wailesi ataona m'munsi mwa tsamba kuti munthuyo anacheuka n'kumutaya mkaziyo mpaka kalekale, anakhosomola pang'ono, n'kupitiriza ndi mawu akeake kuti woyimbayo anaumitsa khosi, ndipo anakafika kwawo bwinobwino. Chiwala anaomba m'manja. Kuyambira tsiku limenelo Wailesi ankatero basi, maso pa buku koma mathero akuchokera m'mutu.

Dzulo lake anali atawerenga ya mmisiri amene anatsekeredwa pa chilumba pamodzi ndi mwana wake. Mmisiriyo anapanga mapiko a nthenga zomata ndi phula la njuchi kuti athawe, ndipo anachenjeza mwanayo kuti asakwere pafupi ndi dzuwa. Mwanayo kuuluka kunamukomera, anakwera, phula linasungunuka. Powerenga, Wailesi anati mwanayo anagwera m'nyanja pafupi ndi asodzi, amene anamuvuula n'kumupatsa tiyi wotentha.

"Chiwala, waswera bwanji? Ndakubweretsera nthochi ziwiri," anatero Wailesi uku akutola bukulo.

Mwanayo sanatembenuke.

"Anafa," anayankha akuyang'anabe kukhoma.

"Ndani?"

"Mnyamata wa mapiko uja. Ndawerenga ndekha. Ndayamba titangomwa mankhwala a m'mawa, ndamaliza chakudya chamasana chitabwera. Mawu oti asodzi mulibemo. Ndafufuza ndi chala mzere uliwonse."

Wailesi anaseka kaseko kouma. "Aa, iwenso, ndi nthano chabe imene ija. Ndimangofuna kuti…"

"Nanga Loweruka lija?" Apa Chiwala anatembenuka. Maso ake anali otupa. "Mwati Loweruka ndikutuluka. Mlungu wathanso munati Loweruka. Dzulo adokotala amalankhula ndi amayi pakhonde, amayi n'kubwera maso ali psuu, ati chimfine. Chimfine chanji chopanda mamina?" Anamuyang'ana mlongo wake m'maso. "Andidula mwendo, eti achemwali?"

"Ayi! Wakuuza ndani zimenezo?"

"Palibe. Ndangoona kuti aliyense akafika pa bedi langa amamwetulira kwambiri."

"Sakudula mwendo, ndikukuuza zoona."

"Za asodzinso munati n'zoona."

Wailesi anaika bukulo pa bedi. Zoona zake ankazidziwa. Lachisanu madokotala amayembekezeka kutsegula phazilo, kupala fupa lodwala n'kulimanga m'chikhakha kwa miyezi iwiri. Mwendo sukanadulidwa, koma panali mwayi woti mwanayo azidzatsimphina. Mayi awo anali atamugwira Wailesi dzanja n'kumuuza kuti, "Usamuuze. Ndi mwana, angachite mantha. Tidzamuuza m'mawa wa tsikulo." Tsopano mwana uja amamuteteza ku mantha anali atadzipangira mantha ake, aakulu kuposa enieniwo, ndipo anali atawasenza yekha.

Wailesi anakhala pampando wachitsulo mpaka mayi awo anafika. Nthochi zija Chiwala sanazikhudze.

M'mawa mwake pa nthawi yopuma, Wailesi analowa mulaibulale n'kuponya bukulo pa tebulo la mayi oyang'anira mabuku. Ana asukulu ankawatchula kuti Mayi Shii, chifukwa ndiwo mawu amene ankatuluka kawirikawiri pakamwa pawo. Iwo ndi Wailesi anali atalimbana zaka ziwiri.

"Buku ili si la ana," anatero Wailesi. "Muli imfa zokhazokha. Mulichotse pa shelefu."

Mayi Shii anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. M'malo mwa "shii" anamukokera mpando. Wailesi anafotokoza zonse: msomali, asodzi, Loweruka, mpaka funso la mwendo lija.

Mayiwo anadzuka n'kupita ku shelefu yamunsi, ya mabuku a ana aang'ono. Anabwera ndi atatu. Limodzi linali la kamtsikana kosochera m'nyumba ya makonde okhotakhota, kamene kanapeza njira potsatira ulusi. Lina linali la zithunzi, la chimunthu champhamvu chopatsidwa ntchito zosatheka. Lachitatu linali la mwana waumbombo amene chilichonse akakhudza chinkauma gwa.

"Awa unawawerengapo uli wamng'ono?"

"Onse atatu."

"Ndi zidzukulu za nthano zomwe waponya pa tebulo langazi. Anthu akhala akuzifotokozera ana kwa zaka zosawerengeka, aliyense kudulako apa, kuwonjezera apo. Uyu anaika mtsikana pamene panali mnyamata. Uyu anachotsa magazi. Ngakhale buku lakoli analisefa kale. Ine ndinaonapo la akuluakulu, muli zinthu zoti sungawerenge mayi ako ali pompo."

Wailesi anamwetulira pang'ono mosafuna. "Ndiye inenso sindinalakwe."

"Kusintha nthano si mlandu. Koma amene analemba awa amanena poyera kuti iyi ndi yanga, ndaikonza ndine. Iwe unaloza chala pa tsamba n'kumuuza kuti ndi zimene zalembedwa."

Wailesi anawerama. Kenako anafunsa, "Nanga bwanji wolembayo sanamupulumutse mnyamatayo, poti amasefa?"

"Sindinamufunse." Mayi Shii anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya bulauzi. "Ine nthano imeneyo ndinaiwerenga ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, chaka chimene mkulu wanga anamwalira. Kunyumba onse ankandiuza kuti wapita kwa azakhali. Ndinkamudikira pageti tsiku ndi tsiku. Nditafika pa tsamba limene bambo uja akuitana mwana wake n'kungoona nthenga zikuyandama, ndinadziwa kuti zoterezi zimachitika, ndipo kuti otsala amalira kenako amapitiriza ulendo. Ndinapita kukawafunsa mayi anga mwachindunji. Tinalira limodzi. Pageti paja ndinasiya kuimapo."

Belu linalira. Mayiwo anakankhira bukulo kwa Wailesi. "Tsiku lobweza silinakwane. Tenga."

Ataweruka, Wailesi sanalunjike kuchipatala. Anapita ku fakitale n'kupempha mlonda wa pageti kuti awaitanire mayi ake. Iwo anatuluka akuthamanga, tepi yoyezera ili m'khosi, tiulusi tili m'tsitsi.

"Chachitika n'chiyani? Mwana ali bwanji?"

"Ali bwino, amayi. Koma akuganiza kuti amudula mwendo."

Mayiwo anagwira pakamwa. "Mayo ine! Wamuuza ndani?"

"Ifeyo. Posamuuza kanthu." Wailesi anaona kuti mawuwo awalasa, ndipo anafewetsa liwu. "Dzulo ndinamuuza kuti si zoona, koma sakundikhulupiriranso. Ndakhala ndikumunamiza za Loweruka, ndi za m'buku zomwe. Amayi, tiyeni timuuze lero. Ali yekhayekha ndi maganizo amenewo."

Mayi ake anayang'ana kumbali. Mkati makina osokera ankangolira. "Ine ndimaopa nkhope yake," anatero. "Ndimaopa kuti akandifunsa ngati adzathamangenso, ndilira pamaso pake."

"Mulire basi. Akudziwa kale kuti si chimfine."

Mayiwo anaseka misozi ili mbwembwembwe, n'kumumenya kambama kachikondi paphewa. Analowa kukapempha kwa kapitawo, ndipo anatuluka ndi chikwama chawo.

Kuchipatala anapempha nesi wamkulu wa wodiyo, mayi wonenepa woyenda mwakachetechete, kuti awathandize. Nesiyo anakoka katani kuzungulira bedi, anakhala pansonga pake n'kutenga pepala ndi cholembera. Anajambula phazi. Linaoneka ngati khasu, moti Chiwala, ngakhale anali atakwinya nkhope, anati, "Zala zake n'zinayi zokha."

"Pepani bwana," anatero nesiyo, n'kuwonjezera chachisanu. "Tsopano mverani. Apa pali fupa limene ladwala. Lachisanu m'mawa tikugonetsa tulo ndi mankhwala. Adokotala atsegula apa, achotsa podwalapo, atseka. Ukadzuka upeza mwendo uli m'chikhakha."

"Mwendo wonse ulipo?"

"Wonse. Ndi zala zisanu zako wandiwerengerazi."

Chiwala anayang'ana mayi ake, kenako mlongo wake. "Nanga mpira?"

Mayi ake anayang'ana Wailesi. Wailesi ndiye analankhula. "Miyezi iwiri sutha kuponda pansi. Pambuyo pake uyamba kuyenda ndi ndodo. Adokotala akuti mwina uzidzatsimphina pang'ono, mwina ayi. Iwonso sakudziwa. Loweruka sukutuluka, ndinakunamiza. Pepa, Chiwala."

Mwanayo analira. Analira kwambiri, mutu uli pachifuwa pa mayi ake, mayi akenso akulira, Wailesi atagwira phazi labwinolo chifukwa panalibe pena pogwira. Nesi uja anatuluka mwakachetechete. Kulirako kutatha, Chiwala anapuma mpweya wautali ngati munthu amene watula thumba lolemera, n'kufunsa ngati nthochi zija zikadalipo. Zinali zitada, koma anadya zonse ziwiri.

Lachinayi masana anamuuza mlongo wake kuti awerengenso nthano ya woyimba uja, monga momwe inalembedwera. Wailesi anawerenga mpaka pamene munthuyo anacheuka. Chiwala anamenya matiresi ndi nkhonya.

"Chitsiru! Kunatsala pang'ono!"

"Ankafuna kuona ngati mkazi wake akubweradi."

Chiwala anaganiza. "Inenso ndikanacheuka," anavomera. Kenako anati, "Koma ya mapiko ija yathera panjira. Bambo aja atafika kumtunda anatani? Anangokhala?"

"Buku silikunena zambiri."

"Ndiye tipeke yathu. Koma mulembe pamwamba kuti tapeka ndife."

Wailesi anatulutsa kope la masamu n'kutsegula kumapeto. Chiwala ankanena, iye akulemba. Mmisiri uja anali ndi mwana wina wamkazi amene anatsala kwawo, ndipo ameneyo anapanga mapiko omanga ndi waya, osati phula. Kamtsikana ka pa bedi loyandikana, kamene kanapsa ndi madzi otentha ndipo sikanalankhulepo ndi munthu chibwerere, kanati waya ndi wolemera, bola ulusi wa nsapato. Anakangana mpaka nesi anabwera kudzawaletsa phokoso, n'kutsalira pomwepo kuti amve mathero ake. Sanamalize, poti nthawi yoona odwala inatha.

Lachisanu Wailesi anapempha chilolezo kusukulu. Kuchipatala anamupeza Chiwala atavekedwa kale chovala chobiriwira chomanga kumsana, milomo itauma chifukwa sanaloledwe kudya kapena kumwa. Anthu awiri anabwera ndi bedi lamatayala. Mayi ake anayenda mbali ina, Wailesi mbali inayo, kudutsa khonde lalitali lonunkha mankhwala, mpaka pa chitseko chachikulu chimene achibale saloledwa kupitirira.

Pamenepo Chiwala anakoka mkono wa mlongo wake.

"Achemwali, zipweteka?"

Mawu oti "ayi" anafika pa lilime la Wailesi msangamsanga, monga mwa chizolowezi. Anawameza.

"Pochita sumva kanthu. Ukadzuka zipweteka, masiku atatu kapena anayi. Akupatsa mankhwala, koma zipwetekabe ndithu. Ine ndi amayi tikhala pa benchi iyi, sitisuntha."

Chiwala anamuyang'anitsitsa m'maso, kufufuza. Kenako anagwedeza mutu, anamasula zala zake pa mkonowo chimodzichimodzi, n'kuuza bambo wokankha bediyo kuti, "Tiyeni."