Kompyutabokosi ya Ambulansi ya ku Lipinda

Lachiwiri m'mawa, cha m'ma 8 koloko, ambulansi ya chipatala cha mishoni cha ku Lipinda inakana kulira. Rabson, dalaivala wake, anapotokola kiyi kasanu. Zii. Atatsegula boneti anapeza mawaya ali lendelende pamalo pomwe pamakhala kompyutabokosi, kabokosi kamene kamalamula injini yonse.

Mayi wina yemwe matenda a uchembere anali atamuvuta anamukweza pa lole ya nsomba kupita naye ku Mangochi boma. Anafika mochedwa. Mwana anabadwa osalira.

Sajeni Mwanamvua Jaffalie anafika ku Lipinda masana pa kabaza, poti galimoto ya polisi inalibe mafuta. Zaka makumi awiri ali pa ntchitoyi zinali zitamutha mawondo. Anakhala pa benchi n'kutulutsa kope.

“Womaliza kugwira galimotoyi ndani?”

“A Simioni, makaniko a ku Monkey Bay,” anatero Rabson. “Anabwera dzulo kudzasintha oilo.”

“Bokosi lina simungagule?”

“Kuno ayi, bwana. Limachokera ku Italy, kufakitale yopanga zamagetsi za galimotozi. Asisiteri akuti kuitanitsa ndi miyezi itatu.”

Lachitatu Mwanamvua anakwera minibasi ya ku Monkey Bay. Simioni anamulandira akupukuta manja.

“Ine ndinathira oilo basi, amayi. Secheni.”

Anasecha mpaka m'migolo. Sanapeze kanthu. Anabwerera thupi lonse lili fumbi, mutu ukuwawa.

Loweruka m'mawa papolisi panalowa Mustapha, wogulitsa chambo wa ku Makokola, atakwiya zedi. Anaponya kabokosi pa tebulo.

“Andibera, wallahi! Ndagula ichi kuti vani yanga idzuke. Yakana. Nsomba zaola zonse.”

Mwanamvua anakayang'ana kabokosiko nthawi yaitali. Kenako anaimbira Rabson kuti abwere ndi buku la ambulansi. Manambala anafanana onse.

“Sikakanagwira,” anatero Rabson. “Kufakitale amakamanga ndi kiyi wa galimoto yake. Mukakaika kwina kamangokhala duu.”

“Che Mustapha, wakugulitsani ndani?”

Mustapha anali atazindikira kuti wadzibweretsa yekha.

“Simioni.”

Mwanamvua ndi Mustapha anakamupeza Simioniyo ku Monkey Bay cha m'ma 3 koloko ali chagada pansi pa minibasi. Mwanamvua anamugunda phazi ndi nsapato.

“Tulukani, bambo.”

Simioni ataona Mustapha ndi kabokosi kaja sanalimbe. Anangopereka manja.

“Ndimayesa agula kena msanga. A mishoni ali ndi azungu awo.”

“Lachiwiri mwana wafera panjira,” anatero Mwanamvua. Sanakweze mawu. Mphamvu zokalipira analibe.

Anamutenga Simioni n'kukamutsekera m'chitolokosi.

Panja Rabson anali akudikira, sipanala ili kale m'thumba.

“Ndipatseni, bwana. Pofika 6 koloko ambulansi ikhala italira.”

Mwanamvua anakaika kabokosiko mu envelopu, namata, nalembapo nambala ya mlandu.

“Ndi umboni tsopano, a Rabson. Katuluka khoti likalamula.”

“Liti?”

“Majisitireti ali ku tchuthi. Mwina mwezi wamawa.”

“Nanga wina akadwala mawa?”

Mwanamvua anatsegula kabati ya maumboni, nakankha mafailo kuti apeze malo. Anakhoma, kiyi n'kuika m'thumba.

“Mufunse a lole ya nsomba aja,” anatero, osamuyang'ana kumaso. “Muwauze asamapite kutali.”