Munthu Wokama Kumanzere

Linali Lachinayi madzulo, m'chaka cha 1938, ndipo ine ndinkasesa mu positi ofesi ya kwathu ku Tolbert, m'chigawo cha Kansas ku America, monga mwa masiku onse. Kusesa ku Kansas zaka zimenezo kunali kungodzivuta. Ukasesa kutsogolo, fumbi lakhala kale kumbuyo kwako. Koma ntchito yanga inali yomweyo: masana kusankha makalata, madzulo tsache.

Ndiyambe ndakuuzani za amuna anga, mungandiyese wamisala. A Orval anatuluka m'nyumba tsiku la chimphepo chachikulu cha fumbi, zaka zitatu m'mbuyomo. Kunja kunada bii masanasana. Ng'ombe yathu ya mkaka, Pansy, inali kubusa. Iwo anamanga mpango kukamwa, nakoleka chingwe paphewa, n'kunena kuti, "Velma, tseka chitseko, fumbi likulowa." Mawu awo omaliza anali omwewo. Sanapezeke, iwo ngakhale ng'ombeyo. Anthu anafufuza masabata awiri, akumakumba milu ya mchenga yomwe inakwirira mipanda, koma ayi ndithu.

Chitsekocho sindinatseke. Ndinkangochikankhira, mpiringidzo osaika. Zaka zitatu zathunthu. Ndinkaopa kuti angabwere atatopa n'kupeza kwawo kotseka. M'mawa uliwonse ndinkadzuka fumbi litafika mpaka pa pilo, mano akulira mchenga. Tulo sindinkatidziwa. Mphepo ikangogwedeza chitseko, ine dzambatuu.

Mng'ono wanga Leota anali atatopa nane. Sabata imeneyo anandipezera kuntchito konko.

"Lolemba tikunyamuka, ulendo wa ku California," anatero. "Pa lole patsala malo amodzi. Mudikira mpaka liti, achemwali? Tamverani mmene mukutsokomoleramo. Fumbili likuphani."

"Nanga akabwera apeza ndani?"

"Abwera kuchokera kuti?"

Ndinamuthamangitsa ndi tsache lomwelo. Koma ankanena zoona za chifuwacho. Ndinali nditayamba kulavula matope.

Tsono m'masiku amenewo boma linkatumiza anthu ojambula kuti azikongoletsa makoma a mapositi ofesi, poti nawonso njala inali itawapana. Kwathu kunabwera a Bielak a ku Chicago, bambo wowonda, wosakonda zolankhula, ndudu ili pakamwa tsiku lonse. Sankajambula pansalu ayi. M'mawa ankamata pulasitala wamuwisi pakachigawo kakang'ono ka khoma, n'kujambulapo asanaume. Akauma, basi, utoto sulowanso. Ukalakwitsa pamafunika nyundo, kugumula n'kuyambiranso.

Pakhoma lonse la pamwamba pa chitseko cha abwana a positi ofesiyo anajambulapo tirigu wakupsa, mahatchi onenepa, kumwamba kuli mbee. Ife amene tinali tisanakolole kanthu zaka zisanu ndi chimodzi tinkangoyang'ana, kukamwa kuli yasa. Pakona yakumunsi anaikapo munthu wokama ng'ombe, atafulatira anthu, mutu atautsamiritsa pamimba pa ng'ombeyo. Ng'ombeyo inali itatembenuza mutu kuyang'ana aliyense wolowa.

Masana a Lachinayilo ndili kuseri kwa mabokosi a makalata ndinamva phokoso. Anali a Hoyt Brumley, ogulitsa ziweto, omwenso anali apampando a komiti ya tauni.

"Ee, inu a ku Chicago! Kwanu mkaka umamera m'botolo eti? Ng'ombe amaikamira kumanja kwake! Uyu mwamukhazika kumanzereyu, chomwe apeze ndi theche la pamphumi."

Anthu anafa nacho chiseko.

"Mawa m'mawa mugumule," anatero a Brumley. "Sitikufuna anthu a m'matauni ena azibwera kudzatiseka."

Ine sindinalabade. A Brumley ankakalipa tsiku lililonse.

Madzulo amenewo, anthu onse atachoka, ndinapeza a Bielak atakhala pansanja yawo ya matabwa, miyendo ili lende. Buledi wawo anali asanamukhudze.

"Musadandaule," ndinatero. "Munthu wa m'tauni ng'ombe angaidziwire kuti?"

"Mayi Tidwell, ine si chitsiru," anayankha. "Ndinakhala masiku atatu m'makola a anthu ndisanagwire bulashi. Taonani."

Ananditambasulira pepala lomwe boma linavomereza. Papepalapo munthuyo anali kumanja kwa ng'ombe, bwinobwino.

"Ndiye mwasinthiranji?"

"Dzulo madzulo, inu mutangochoka, kunabwera bambo wina. Anaima pomwe mwaimapo. Anati, 'Iyiyi silola kumanja. Diso la mbali imeneyo ndi lakufa, ukaidzera kumeneko imamenya.' Kenaka anakhala pa bokosi ilo kundionetsa kakhalidwe kake. Ndinasintha mizere ya makala nthawi yomweyo, m'mawa n'kujambula."

"Anali wooneka bwanji?"

"Nkhope sindinaione. Anamanga mpango kukamwa. Paphewa anali ndi chingwe."

Tsache linagwa pansi.

Pansy anali ndi diso lakufa kumanja. A Orval anaigula osazindikira, ndipo manyazi oti anawapusitsa anawagwira moti sanauze munthu. Ankaikama kumanzere, chitseko cha khola atatseka. Zokamira kumanzerezo ndinkadziwa ndine ndekha.

Mtima wanga unadumpha. Ali moyo! Ndinafuna kukuwa, ndinafuna kuthamangira kwa Leota kukamuuza kuti malo akewo apatse wina. Kenaka mkwiyo unandigwira. Zaka zitatu ine ndikudya mchenga, munthu n'kufikira kwa wojambula zithunzi? Kwawo akudziwa, njira ndi yomweyo!

"Anati abweranso?"

"Anati adzabwera kudzaona, nthawi yokama." A Bielak anazimitsa ndudu pathabwa. "Mayi, pali chimodzi. Zovala zake zinali fumbi lokhalokha. Dzulo kunalibe mphepo."

"Pitani kagoneni," ndinatero. "Makiyi ali ndi ine."

Sanadikire kuti ndibwereze.

Nthawi yokama madzulo inali itapita kale, choncho ndinadziwa kuti ndidikira ya m'mawa. Ndinasiya getsi limodzi loyaka. Chitseko cha kumsewu ndinangochikankhira. Kukhala pansi kunandikanika. Ndinasankhanso makalata osankhasankha kale. Ndinasesa posesa kale. Ndinkati ndikafika pazenera, ndibwerere, ndikafikenso pazenera. Ndinakonza mawu oti ndiwalalatire, n'kuwasintha, n'kuwakonzanso. Tsitsi ndinapesa kawiri, zamanyazi.

Ndikatukula maso ndinkaona msana wa munthu wa pakhoma uja. Phewa lakumanzere lotsika pang'ono. Khosi lofiira ndi dzuwa. A Bielak sanawaonepo a Orval, chithunzi chawo ndinalibe n'chimodzi chomwe. Koma msanawo ndinaudziwa.

Wotchi ya pakhoma itangokwana faifi, ndinagwira chitsulo cha mabokosi a makalata. Chinandiluma chala ngati magetsi, thwa! Zimenezo zinkachitika masiku a chimphepo okha, pamene tinkakulunga nsanza pazogwirira zitseko. Ndinasuzumira panja. Kunali bata, nyenyezi zili ngwee.

Getsi linayamba kufiira. Linangotsala kadontho, monga dzuwa linkachitira fumbi likamabwera.

Chitseko chinatseguka.

Sanagogode. Analowa mwa mayendedwe awo omwe aja, ogwetsa phewa. Chipewa chomwe chija. Mpango wa madontho ofiira womwe ndinachapa ndi manja anga. Mchenga unkatsika m'mikono ya malaya, m'matumba, m'mphepete mwa chipewa, osaleka. Unkamveka pansi, waaa, pang'onopang'ono.

"Orval?" Mawu anatuluka aang'ono. "Bambo, ndinu?"

Anandidutsa, maso ali kukhoma.

Apo mkwiyo unandithandiza. "Zaka zitatu! Kalata yokha inakukanikani? Ine ndimagwira ku positi konkuno! Anthu akhala akunditchula wamasiye, ine ndikuwakanira. Munali kuti?"



Anagwira makwerero n'kuyamba kukwera. Makwerero amenewo ankalira ngakhale akwere a Bielak owondawo. Sanalire. Atafika pamutu pa ng'ombe anaima nthawi yaitali. Kenaka anatukula chala chachikulu n'kuchidinikiza padiso lakumanja.

Ndiye ndinamva mkaka. Tswii, tswii, tswii, ukugunda pansi pa ndowa yopanda kanthu. Fungo la khola linadzaza chipinda chonse, udzu wouma ndi mkaka wofunda. Mu positi ofesi! Thupi lonse linachita tsemwe, komabe ndikuuzeni zoona, ndinalakalaka fungolo lisathe.

Anatsika. Anaima patsogolo panga, pafupi moti ndikanatha kuwagwira.

"Chotsani mpangowo ndikuoneni," ndinapempha. "Nkhope yanu ikundithawa, Orval. Chonde."

Anapukusa mutu.

Ndinatambasula dzanja kuti ndiuchotse ndekha. Linaima m'malere. Munthu akamanga mpango kukamwa, mpangowo umalowa n'kutuluka akamapuma. Tonsefe tinkayenda choncho zaka zimenezo, ndinkadziwa. Wawowo unali phee. Ndinauyang'ana, ndikuwerenga mumtima mpaka makumi atatu. Sunagwedezeke.

Chifuwa chinandigwira. Ndinatsokomola mpaka kugwira mawondo.

"Ukutsokomola," anatero. Mawu anali awo, koma ouma, ngati akuchokera pansi.

"Si kanthu."

"Velma, tseka chitseko. Fumbi likulowa."

Anatembenuka n'kutuluka.  Getsi linawalanso. Phokoso la mkaka linasiya. Nditafika pakhomo, msewu wonse unali wopanda munthu, kum'mawa kukuyera.

Abwana anandipeza nditakhala pa bokosi lija, tsache lili pamiyendo, mulu wa mchenga uli patsinde pa makwerero. Anandifunsa ngati ndagona momwemo. 

A Brumley anafika eyiti koloko atanyamula nyundo yawo, anthu angapo ali pambuyo kudzaonerera. A Bielak anali atafika kale, ataima chilili, nkhope ili mbuu.

"Tiyeni, a Chicago, kwerani," anatero a Brumley akuseka. Kenaka anatukula maso.

Diso lakumanja la ng'ombe linali loyera ngati mkaka, mizere ya chala ikuoneka pakati pake.

"Si ine," anatero a Bielak. "Ndinajambula onse awiri akuda. Ndipo pulasitala ameneyo anauma dzulo, chala sichingalowe."

A Brumley anasiya kuseka. Anayang'ana ng'ombe, anayang'ana msana wa munthuyo, kenaka anandiyang'ana ine. Pansy uja anatigulitsa ndi iwowo. Ankadziwa bwino chomwe anabisa tsiku limenelo.

"Zisiyeni," anatero chapansipansi.

"Koma dzulo munati..." anayamba a Bielak.

"Ndati zisiyeni!"

Anatuluka, nyundo ataiiwala patebulo. Pofika masana tauni yonse inali ikunong'ona. Ena ankati a Bielak anapanga dala kuti achititse manyazi a Brumley. Ena ankati ndinakwera ndine usiku, poti mutu wanga unali utasokonekera kale. Mayi wina wakutchalitchi anati munthu wosaikidwa m'manda amafunafuna pokhala, ndipo khomalo ndi lomwe linamupatsa malo. Abwana anakwera kukagwira disolo, natsika akupukuta chala pa buluku. Anati panali ponyowa. Kwathuko mvula inali isanagwe miyezi inayi.

Madzulo a Lachisanu ndinadzera kwa Leota. Ndinangoti, "Malo a pa lole aja asungeni." Anatsegula pakamwa, ndinamuloza chala, natseka.

Nditafika kunyumba ndinaima nthawi yaitali kuseri kwa chitseko. Mpiringidzo unali pakona pomwe a Orval anausiya, akangaude atamangapo. Unkalemera kuposa mmene ndinkakumbukira. Ndinauika, n'kuuchotsa. Ndinakhala pabedi. Ndinadzukanso. Kachitatu ndinauika n'kuusiya, ndikulira ngati mwana, chifukwa ndinkaona ngati ndikuwatsekera panja.

Sindinagone. Ndinkamvera wotchi.

A Orval anali ndi chizolowezi. Akamapita kokama m'mawa, ankati akatuluka ine n'kutseka, iwo ankakankha chitseko kawiri ali panja, kuti atsimikize kuti chagwira.

Faifi itakwana ndinamva mapazi pakhonde. Anaima. Chitseko chinakankhidwa kamodzi. Mpiringidzo unagwira. Chinakankhidwa kachiwiri. Ndinaluma bulangete kuti ndisathamangire kukatsegula.

"Eya," anatero mawu panja.

Mapazi anatsika pakhonde, kulowera kukhola lopanda ng'ombe, mpaka osamvekanso.

Ndinadzuka dzuwa lili pamutu. Ndinasisita pilo ndi dzanja. Panalibe fumbi.