Mkazi wa M'chipinda cha Sipinachi

Ine nsanje ndili nayo, sindikana. Koma mwamuna wanji wofika pakhomo tsiku lililonse dzina la mkazi wina lili pakamwa?

Amuna anga, a Alufeyo, ankathandiza pa labu ina m'tauni muno. Ankasinja sipinachi n'kutulutsamo timapuloteni tomwe timagwira dzuwa. Akuti kuwala kukatigunda timapindika, n'kumapatsirana maelekitironi. Bwana wawo wamkazi, Amira, ankafuna kujambula kupindikako. Ndiye timapulotenito ankatisunga mumdima wa ndiweyani. Nyali ikangoyaka nthawi yolakwika, ntchito ya miyezi itatu yapita m'madzi.

Anthu awiri, chitseko chotseka, mdima. Eish!

Lachinayi lina madzulo, nditaweruka kwa abwana anga ku Arcadia, sindinakwere tekisi ya ku Ga-Rankuwa komwe timakhala. Ndinalunjika ku labu. Mlonda wa pageti, a Yobu, ndi akwathu ku Ntcheu.

"Alamu, a Amira achoka masana," anatero. "Achimwene ali okha."

Amuna kubisirana, ndinatero mumtima. Ndinawachonderera mpaka anandilozera chipindacho. Ndinakankha chitseko, kenako katani wakuda wokhuthala. Kuzizira. Fungo la masamba osinja.

Ng'ani! Makina ojambulira anathwanima kamodzi. Ndinaona msana wa amuna anga, ndi mkazi ataima pakona.

Mdima.

Ng'ani! Tsopano ali kumbuyo kwawo. Khosi lake latalika.

Mdima. Phazi silinamveke ngakhale limodzi.

Ng'ani! Mikono yake yapindikira kolakwika, chibwano chatsamira paphewa la amuna anga.

Mantha analipo, koma nsanje inaposa. "Iwe, asiye amuna anga!" Ndinayatsa tochi ya pafoni.

Munalibe mkazi. Amuna anga okha, atagwira tebulo, thukuta lili kamukamu. Timabotolo tobiriwira ta mapuloteni aja tonse tinali poyera, tikuwala ndi tochi yanga.

Lolemba anawachotsa ntchito. Azimayi a kutchalitchi kwathu amanong'onezana kuti nsanje inandionetsa zomwe kulibe, kuti ndalowetsa njala m'nyumba ndi manja anga. Ndinadikira sabata yonse kuti amuna anga andikalipire.

Lamlungu tikuchokera kutchalitchi anaima pamsewu, osandiyang'ana.

"Amake Dineo, nanunso munamuona?"

Ndinavomera ndi mutu. Mtima unakhala pansi, ndinati basi, ndawapulumutsa.

Anapukuta maso ndi kolala ya malaya.

"Nanga munamuthamangitsiranji?"