Tsiku Limene Kaphunzitsi Anabwezera

Ntchito za Loweruka zinali zodziwika: kuchapa mayunifomu, kukolopa m'nyumba, kukwecha mapoto, kenako kusita madiresi amene amayi anasoka. Kaphunzitsi anazigwira zonse mothamanga, mtima uli m'mwamba. Dzinali anam'patsa ndi achimwene ake, chifukwa chilichonse ankachifotokoza ngati waima kutsogolo kwa kalasi.

Ana awiriwa anali ndi foni imodzi. Kwa miyezi itatu ankalandirana kusewera gemu ya mlenje wosakasaka munthu amene anawotcha nyumba ya kwawo. Dzulo lake anafika kumapeto. Mlenje anam'peza mdaniyo atakalamba, ali wakhungu, akudyetsa nkhuku. Anakoka uta, kenako anauponya pansi n'kubwerera. Gemu inathera pomwepo, ndipo Kaphunzitsi analira. Mkangano unayamba nthawi yomweyo, ndipo kunacha usanathe.

"Atidyera nthawi anthu amenewa," anatero achimwene akewo, miyendo ili patebulo. "Miyezi itatu kuwoloka mitsinje, mapeto ake kukaonerera nkhuku?"

"Inu achimwene simumvetsa," anayankha Kaphunzitsi akupinda diresi. "Kupha angathe aliyense, ndi batani limodzi basi. Koma kumusiya munthu uli ndi mpata womupweteka, kumeneko ndiye kukula. Gemu imeneyi ndi ya anthu okhwima maganizo."

"Kukhwima kwake kuti? Nanga alonda onse aja anawalasa panjira, iwo analibe nkhuku? Wapha osalakwa, wolakwa n'kumusiya!"

Kaphunzitsi anatenga diresi lina, achimwene ake n'kupitiriza.

"Ndipo kukhululuka pafoni n'kosavuta, aphunzitsi. Nyumba yopsayo si yanu."

Achimwenewo anaseka, n'kunyamuka kukagula ulusi umene amayi anawatuma. Foni anaisiya pa chaja.

Posakhalitsa inayamba kunjenjemera osalekeza. Kaphunzitsi anaitsegula. Pagulu la ana a kusukulu panali vidiyo ya iyeyo akulira dzulo lija, mamina ali chuchuchu. Achimwene ake anamujambula atangomulanda foni, n'kuitumiza pagulupo. Wina anali atalemba kuti, "Pepani aphunzitsi, maliro a nkhuku ali liti?" Pansi pake panali kuseka kokhakokha.

Anakhala pansi, anadzuka, anapita pakhomo, anabwerera. Lolemba akalowa bwanji m'kalasi? Chala chake chinayendayenda pafoni mpaka chinapeza malo amene achimwene ake ankasungamo zinthu zawo, olembedwa kuti "Zanga, osakhudza."

"Tione ngati museke," ananong'ona.

Anasankha zonse n'kudina pofufuta, foni n'kumufunsa ngati akutsimikiza. Anatsimikiza. Analowanso kumene zofufutidwa zimayamba zadikirira, n'kusesa komweko. Kwa kanthawi kochepa mtima unakhala m'malo.

Achimwene ake atabwera anaika ulusi patebulo n'kutenga foni. Anafufuza uku ndi uku, nkhope ikusintha. Sanakalipe. Anangokhala pansi penipeni, atatsamira khoma.

"Iwe, buku langa la sayansi lili kuti?"

"Buku lanji?"

"Ndinabwereka kwa mnzanga tsiku limodzi, ndinajambula tsamba lililonse. Mayeso ndi Lolemba."

"Ndimafuna mumve mmene ndamvera ine," anatero Kaphunzitsi.

"Ndamva."

Makina osokera m'chipinda anasiya kulira. Amayi anatuluka, tepi ili m'khosi, ndipo anamvetsera mbali zonse osadula mawu.

"Iwe wamuchititsa manyazi mlongo wako pagulu. Iwenso wamuwotchera buku. Wapambana ndani?" Anatambasula dzanja. "Bweretsani foniyo kuno."

Zotsatira zake zinali izi. Vidiyo ija achimwene anaichotsa pagulu n'kupepesa, koma ena anali ataisunga kale, ndipo anaiseka mlungu wathunthu. Masana a Loweruka lomwelo achimwene anayenda wapansi maola awiri kukabwerekanso buku, mwini wake n'kulola kuti ligone masiku awiri okha. Kaphunzitsi anakopera pamanja masamba makumi anayi mpaka chala chinatupa. Sayansi achimwene anakhoza mopulumukira, pamene kale ankatsogola. Foni inakhala m'kabati ya amayi mpaka teremu inatha. Ndipo panapita masiku asanu ndi anayi achimwene ake asanamutchulenso kuti Kaphunzitsi. Masiku amenewo iye ankawawerenga limodzilimodzi.