Ulusi Wofiira pa Foni ya Tsvetan

Galaja ya Tsvetan ku Pazardzhik inkangolowa fumbi ndi amphaka. Kutsidya kwa msewu, kwa Lyuben, magalimoto ankachita kundanda. Lyuben analibe mankhwala ayi: akakonza galimoto, pakapita masiku ankaimbira mwini wake kufunsa ngati mabuleki akugwira bwino. Tsvetan akamva zimenezi mtima unkamuwawa ngati wameza tsabola.

"Bambo a Nevena, inunso muziwaimbira anthu," anatero mkazi wake, Ralitsa.

"Ine ndizinyengerera anthu? Ndine makanika, osati wopemphetsa!"

Chitsiru chimenechi chinasankha kupita kwa mayi Stoyna, oombeza ula poyang'ana nsenga za khofi m'kapu. Mayiwo anamanga ulusi wofiira pa foni yake.

"Aliyense amene umuimbire sadzapitanso kwina. Ngakhale umubere, adzabwerabe."

"Ndipereke zingati, mayi?"

"Tindalama tako tonunkha girisito sunga. Ine mitima sindipanga, mwana iwe, ndimangosamutsa. Ukamanga wakunja, wakwanu mmodzi akuiwala."

"Abale angawo? Atengeni! Anandipatsapo chiyani?"

Tsvetan anayamba kuimbira anthu. Anthu ankabwera ngati nkhosa, ena galimoto zili bwinobwino. Ankawaikira zitsulo zakale n'kuwalipiritsa za zatsopano, iwo n'kumathokoza. Lyuben anachotsa antchito ake onse.

Kenako mchimwene wake wa Tsvetan anamudutsa pamsika osamupatsa moni. Pa Isitala, mayi ake omubereka anamuyang'ana ali patebulo n'kufunsa Ralitsa kuti, "Kodi bambo akudya mazira athuwa ndi a kuti?" Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Iye anathira rakiya, kachasu wa kumeneko, m'tambula, n'kugula nyumba yosanja.

Tsiku lina anapita kukatenga Nevena kusukulu. Mwanayo anakuwa, nabisala kumbuyo kwa aphunzitsi. Apa mpamene mantha anamugwira. Anayesa kudula ulusiwo ndi pulayala, koma pulayalayo ndi imene inabenthuka. Anatsala ndi Ralitsa yekha, ndipo analumbira kuti saimbanso.

Koma Lyuben anali atatsala ndi kasitomala mmodzi wamkulu, mwini mabasi opita ku Plovdiv. Tsvetan ankaona mabasiwo akulowa kutsidya. "Kamodzi kokha," anatero. Anaimba.

Atafika kunyumba, Ralitsa anatsegula chitseko pang'ono.

"Mukufuna ndani, bambo?"

"Ralitsa, usandichite zimenezo! Ndine mwamuna wako!"

"Chokani ndisanaitane apolisi, chidakwa inu!"

Tsvetan anathedwa nzeru. Ali pakhomo pomwepo anatulutsa foni ija n'kumuimbira, poganiza kuti ulusi umubwezera mkazi. M'mawa Ralitsa anafikadi kugalaja, akumwetulira.

"Bwana makanika, tandionereni galimotoyi. Kunyumba kulibe mwamuna, ndiye ndimadalira inu."

Ulusi unali utamanga kasitomala wina, ndipo unafuna malipiro ake. Pa anthu onse omudziwa Tsvetan, wotsala anali Tsvetan yemweyo. Anayang'ana dzina lolembedwa pachikwangwani cha galaja, osalizindikira.

Mpaka lero amakhala pa tayala lakale panja, ndevu zili nyankhalala. Magalimoto amandandabe, akuliza mahutala, ndipo iye amapita pa windo lililonse kufunsa kuti, "Pepani, Tsvetan ameneyu mukumudziwa? Aliyense akumufuna."

Musamumvere chisoni. Chimene Lyuben ankachipeza ndi moni komanso ntchito yabwino, Tsvetan anachigula ndi mayi ake, mwana wake ndi mkazi wake. Dyera likalowa m'nyumba limayamba kudya eni ake.